Tiwerenge Cipilala ca Mayi ndi Njoka

Taphunzira kale kuwerenga zilembo pa bolodi. Tikhoza kuwerenga dzina la mankhwala pa botolo ndi mtengo wa fodya pa cikwangwani. Lero tiyesa kuwerenga cipilala. Cipilala naco cili ngati kalata. Pali amene anailemba, pali amene anawalembera, ndipo pali zimene wolembayo anasiya osanena. Munthu wodziwa kuwerenga afunsa zonse zitatu.

Cipilala cimene tikambirane cili kutali, ku Maputo. Ambiri a ife sitinafikeko. Koma pa mwala wake panalembedwa dzina la dera lina la kuno ku Niassa. Cifukwa cake nkhaniyi ndi yathu.

1. Cimene maso aona

Kutsogolo kwa sitesheni yaikulu ya sitima ku Maputo kuli bwalo lochedwa Praça dos Trabalhadores, ndiko kunena kuti Bwalo la Anchito. Pa nthawi ya atsamunda bwaloli linali kuchedwa Praça Mac-Mahon, ndipo mzindawo unali kuchedwa Lourenço Marques. Pakati pa bwalo paima cipilala cacitali ca mwala. Pamwamba pake pali cifaniziro ca mayi wamkulu msinkhu, wa nkhope yosaseka. Mayiyo ali ndi lupanga ndi cishango. Pambali pake pali njoka yaikulu imene yadzutsa mutu.

Wosema wake anali Mpwitikizi, dzina lake Rui Roque Gameiro. Cipilalaco cinatsegulidwa m'caka ca 1935, caka comweco cimene mmisiriyo anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto. Anacimanga kuti cikhale cikumbutso ca Nkhondo Yaikulu ya 1914 mpaka 1918. Mawu a Cipwitikizi amene ali pamenepo anena kuti Portugal apereka cipilalaco kwa omenya nkhondo ake, Azungu ndi a mu Africa. Kunsi, kuzungulira tsinde lake, anasema asilikari ali pa nkhondo, ndipo analemba maina anayi a malo: Quionga, Nevala, Quivambo ndi Mecula.

Tisayambe ndi kunyoza. Mmisiriyo anaidziwa nchito yake. Munthu akaturuka mu sitesheni, maso ake agwera pa mayiyo asanaone cina ciliconse. Mwalawo wapirira dzuwa ndi mphepo ya ku nyanja zaka zoposa 80. Mayiyo waima cilili, wosagwedezeka, ndipo woyang'ana amva kuti pano pali mphamvu. Izi ndi zimene eni ake anafuna kuti timve. Tsopano tifunse ngati zimene mwalawo unena zili zoona.

2. Maina anayi

Nkhondo Yaikulu inayamba ku Ulaya, koma inafika kuno cifukwa maiko athu anali m'manja mwa Azungu. Kutsidya kwa mtsinje wa Rovuma, kumene lero ndi Tanzania, kunali Ajeremani. Ku Nyasaland, kumene lero ndi Malawi, kunali Angerezi. Kuno kunali Apwitikizi. Germany analengeza nkhondo pa Portugal m'mwezi wa Marici 1916.

Quionga ndi kadera kakang'ono pafupi ndi pamene Rovuma athira m'nyanja ya mcere. Ajeremani anakalanda m'caka ca 1894. Apwitikizi anakatenganso mu Epulo 1916, ndipo polowamo anapeza Ajeremani atacoka kale. Ici ndico cipambano cokha ceniceni pa maina anayi aja.

Nevala ndi Quivambo ali kutsidya kwa Rovuma. Apwitikizi anaoloka mtsinje m'caka ca 1916 nalowa mu linga la Nevala mu Okutobala. Sanakhalitsemo. Ajeremani anawazinga, madzi anawathera, ndipo kumapeto kwa Novembala anathawa usiku kubwerera ku Rovuma, atasiya zida zambiri m'mbuyo.

Mecula ndi kwathu kuno, kumpoto kwa Niassa. Pa 25 Novembala 1917 mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anaoloka Rovuma pa Negomano, nagonjetsa Apwitikizi amene anali pamenepo, natenga mfuti ndi zipolopolo zawo. M'mwezi wa Disembala gulu lina la Ajeremani linafika pa phiri la Mecula. Asilikari ocepa amene anali pa phiripo, ambiri a iwo anthu akuda, analimbika masiku angapo. Pomaliza anagonja. Kucokera pamenepo Ajeremani anayenda m'dziko lino pafupifupi miyezi 10, mpaka kufika ku Namacurra m'Zambézia, ndipo anaolokanso Rovuma kumapeto kwa Seputembala 1918 osagwidwa.

Taonani tsono. Mayi wa pamwamba waima ngati wopambana. Koma maina a pansi pa mapazi ake, tikawawerenga bwino, anena za kuthawa, ludzu ndi kugonja. Portugal anawerengedwa pakati pa opambana cifukwa anali mbali ya Angerezi ndi Afalansa, ndipo pa mapangano a mtendere a 1919 anamutsimikizira Quionga. Ngakhale asilikari a Cipwitikizi eni ake, ambiri amene anafera kuno sanafe ndi cipolopolo. Anafa ndi malungo ndi kamwazi, m'misasa yopanda mankhwala okwanira. Cipilala sicinena zimenezi. Ici ndi colakwa coyamba: mwala unaveka kugonja covala ca cipambano.

3. Amene anasenza nkhondo pamutu

Pamene tinaonetsa cithunzi ca cipilalaci m'kalasi mwathu ku Massangulo, amayi ena acikulire anaciyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati: "Aphunzitsi, agogo anga aamuna anatengedwa pa nkhondo imeneyo kukanyamula katundu. Sanabwere. Nanga pamenepa ali pati?" Tinafunafuna pa cithunzi. Tinalibe cowayankha.

Funso la amayiwa ndilo mutu wa phunziro lathu. Masiku amenewo kuno kunalibe misewu ya galimoto. Akavalo ndi ng'ombe zinali kufa ndi nchenche ya kashembe. Tsono cakudya ca asilikari, zipolopolo, mahema, mfuti zazikulu, ngakhale Mzungu wodwala m'macila, zonse zinayenda pa mitu ndi pa mapewa a anthu. Anthu amenewa anachedwa amtengatenga. Munthu mmodzi anali kusenza katundu wa makilo pafupifupi 25, tsiku ndi tsiku, nthawi ya mvula ndi ya cilimwe. Popanda iwo palibe msilikari akadayenda ulendo wa sabata imodzi.

Sanapite mwa kufuna kwawo. Pa nthawiyo Niassa anali m'manja mwa kampani yochedwa Companhia do Niassa, imene inalamulira kuno mpaka 1929. Kampaniyo inali kale kukhometsa msonkho wa nyumba ndi kugwira anthu cibalo. Nkhondo itafika, asipayo analowa m'midzi kugwira amuna. Angerezi nawonso, polowa kuno kucokera ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, anadza ndi mizere yaitali ya amtengatenga. Ku Nyasaland kokha anatenga anthu pafupifupi 200,000 pa nchito imeneyi. Ajeremani, podutsa, analanda cimanga m'nkhokwe ndi kugwira anthu ena. Mudzi umodzi unkatha kulandidwa ndi magulu atatu m'caka cimodzi. Amuna atacoka, minda inagona. Njala inabwera. Pamwamba pa njala, kumapeto kwa 1918, panafika mliri wa cimfine umene unapha anthu pa dziko lonse lapansi.

Makolo athu sanangokhala cete. Ku Báruè, m'cigwa ca Zambezi, anthu anaukira Apwitikizi m'caka ca 1917, ndipo cimodzi mwa zifukwa zake cinali kugwidwa kwa amuna kukasenza katundu ndi kukalima msewu. Kuno kumpoto mafumu ena analandira Ajeremani. Sikuti anawakonda ai, koma anatopa ndi kampani.

Tsopano bwererani ku mawu a pa cipilala. Achula omenya nkhondo, Azungu ndi a mu Africa. Tivomere kuti pamenepa anacita bwino kuchula anthu akuda, pakuti akadatha kuwasiya. Koma wamtengatenga sanali kuwerengedwa ngati womenya nkhondo. Analibe mfuti, analibe yunifomu. Akagwa pa njira, anzake anali kugawana katundu wake, ulendo nupitirira. Mawu a pa mwala samuchula. Mayi amene analima yekha ndi kuika ana m'manda cifukwa ca njala samuchulanso. Ndipo palibe mndandanda wa maina a anthu akuda amene anafa. Pali maina a malo basi. Ici ndi colakwa caciwiri, ndipo ndi cacikulu kuposa coyamba.

Kodi zinali zosatheka kuwachula? Iai. Ku Dar es Salaam kuli cipilala ca Askari cimene Angerezi anaimika m'caka ca 1927. Mawu ake, olembedwa m'Cingerezi ndi m'Ciswahili, akumbukira asilikari akuda pamodzi ndi amtengatenga, ndipo m'mbali mwake anasemamo anthu osenza katundu. Naconso cilibe dzina la munthu ngakhale mmodzi. Koma cionetsa kuti ngakhale mtsamunda anadziwa amene anasenza nkhondoyo.

4. Mayiyo ndani?

Kwa amene anamanga cipilala, mayi wa pamwamba ndi Portugal, dziko lawo, mayi wa Apwitikizi. Colinga cinali cakuti munthu aliyense wotsika sitima, kapena wocokera ku doko, aone kuti mwini dziko lino ndani. M'caka ca 1935 ku Portugal kunali boma la Salazar, limene linali kulalikira kuti maiko a mu Africa ndi ziwalo za thupi la Portugal. Cipilala cinali ulaliki womwewo, koma wa mwala.

Anthu a mu mzindawo anaciwerenga mwa njira yawo. Iwo amacichula Senhora da Cobra, Mayi wa Njoka. Amasimba kuti kale pamalopo panali mtengo, ndipo mu mtengomo munali njoka imene inali kuluma anthu odutsa pansi. Amuna analephera kuipha. Mayi wina anaphika phala, nasenza mphika uli wotentha pamutu, nadutsa pansi pa mtengo. Njoka inadumphira pamutu pake, nigwera m'phala, nifa. Ndiye amati cipilala ndi ca mayi ameneyo.

Nthano iyi itikondweretsa. Anthu analanda mayi wa atsamunda namusandutsa mayi wa pamudzi, wa mphika pamutu, wopambana ndi nzeru osati ndi lupanga. Amene sanaloledwe kulemba pa mwala analemba ndi pakamwa.

Koma tisamale. Nthanoyi ili ndi mtengo wake. Munthu amene adziwa za njoka yokha sadziwa kuti pa mwalapo pali Mecula. Sadziwa za 1917. Mtsamunda anaiwala amtengatenga cifukwa ca kunyada. Ife tikhoza kuwaiwala cifukwa ca kukoma kwa nthano. Kwa agogo a amayi aja, kuiwalika ndi kumodzi.

5. Nyenyezi yathu

Wina anena kuti: zimenezo ndi za atsamunda, ife tili ndi cipilala cathu. Ndi zoona. Ku Maputo komweko, pa njira ya ku bwalo la ndege, kuli Praça dos Heróis Moçambicanos, Bwalo la Ngwazi. Pakati pake pali nyenyezi yoyera ya nsonga zisanu, ndipo pansi pa nyenyeziyo pali manda. Pa 3 Febuluwale 1979, patapita zaka 10 cimuphereni Eduardo Mondlane ku Dar es Salaam, mafupa ake anaikidwa m'menemo. Mulinso Josina Machel, amene anamwalira pa 7 Epulo 1971. Muli Filipe Samuel Magaia, amene anaphedwa kuno ku Niassa m'caka ca 1966, ndi Paulo Samuel Kankhomba, mwana wa Niassa. Samora Machel anaikidwamo m'caka ca 1986. Moyang'anana ndi nyenyezi pali khoma lalitali mamita pafupifupi 95, pamene João Craveirinha ndi anzake anajambula mbiri ya masautso ndi nkhondo ya anthu a dziko lino.

Tikalinganiza ziwirizi tiona kusiyana. Mayi wa Njoka waima pamwamba kuti timuyang'ane cokweza mutu. Nyenyezi yagona pafupi ndi nthaka. Kwa mayi kuli maina a malo, ku nyenyezi kuli maina a anthu. Cipambano ca mayi ndi cokongoza, pamene cipambano ca nyenyezi cinacitikadi: nkhondo inayamba pa 25 Seputembala 1964, ndipo mbendera ya Portugal inatsika pa 25 Juni 1975. Khoma lija lionetsanso anthu wamba, osati atsogoleri okha. Pa zonsezi nyenyezi iposa.

Komabe funso la amayi aja silinathe. Nkhondo ya ufulu nayonso inayenda pa mitu ya anthu. Zipolopolo ndi mankhwala zinacokera ku Tanzania kulowa m'nkhalango za Niassa pa mitu ya amuna ndi akazi, ulendo wa masabata. Pamene msonkhano waukulu waciwiri wa FRELIMO unacitika ku Matchedje mu Julayi 1968, panali amene anaphika, amene anatunga madzi, amene analondera njira. Manda a pansi pa nyenyezi sangakwane onsewo. Amene alowamo asankhidwa ndi boma. Sitinena izi ponyoza ngwazi. Tingoti cipilala ciliconse cisankha, ngakhale cathu, ndipo wowerenga wabwino afunsa za amene anatsala kunja.

6. Nkhondo yopanda wopambana

Pali nkhondo yacitatu, imene ambiri a inu munaiona ndi maso. Inatha zaka 16, pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO, kufikira pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Owerengera amati inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo enanso pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. A ku Mandimba ndi a kuno ku Ngauma adziwa njira za usiku zopita ku malire. A ku Cuamba adziwa zaka zimene kukwera sitima kunali kuika moyo pa ciswe. M'nkhondo imeneyinso anthu anagwidwa m'midzi kukasenza katundu.

Kodi pa nkhondo iyi tingaimike mayi wa lupanga? Angaimire ndani? Amene anapha ndi amene anaphedwa anali ana a dziko limodzi, nthawi zina a mimba imodzi. Apa mawu akuti cipambano alibe malo. Catsala ndi cikumbutso cokha.

Pamenepa tiphunzira kuti cipambano ndi cikumbutso si cinthu cimodzi, ngakhale omanga zipilala akonda kuziika pa mwala umodzi. Cipambano cifunsa kuti anapambana ndani, ndipo yankho lake ndi boma kapena mbendera. Cikumbutso cifunsa kuti sanabwere ndani, ndipo yankho lake ndi dzina la munthu, la mudzi wake ndi la amayi ake. Cipilala ca Mayi ndi Njoka cinayankha funso loyamba, nkuyankha mokometsa. Funso laciwiri cinalisiya.

7. Tigwetse kapena tisunge?

Ufulu utabwera m'caka ca 1975, zifaniziro zambiri za atsamunda zinacotsedwa m'mabwalo. Ca Mouzinho de Albuquerque, amene anagwira mfumu Ngungunhane m'caka ca 1895, cinatsitsidwa, ndipo cisungidwa mu linga lakale la ku Maputo. Mayi wa Njoka anatsala pamalo pake.

M'kalasi mwathu ena anati nayenso akadacotsedwa. Ife tiganiza kuti kutsala kwake ndi kwabwino. Mouzinho analemekezedwa cifukwa cogonjetsa makolo athu. Cipilala ici, ngakhale cili ndi zolakwa zake, cinamangidwa pa imfa za anthu, ndipo ambiri mwa akufawo anali athu. Ndi cimodzi mwa zizindikiro zocepa zimene zikumbutsa mzinda waukulu kuti ku Mecula kunali nkhondo. Cikagwa, bodza lake lipita, koma ndi dzina la Mecula lomwe. Mboni yonena theka la coonadi sitiithamangitsa pa bwalo la milandu. Tiifunsa mafunso, ndipo tiitana mboni zina.

Cimene cisoweka ndi mawu ena pambali pake, olembedwa m'Cipwitikizi ndi m'zilankhulo zathu, onena za amtengatenga, za njala ndi za kugonja. Izo ndi za akuluakulu a mzinda. Koma mboni zina zija zili kuno, m'midzi ya Massangulo, Mandimba ndi Cuamba, m'mitu ya agogo amene akutha caka ndi caka. Makolo athu a 1917 sanalembedwe cifukwa colembera cinali m'dzanja la mwini nkhondo. Lero colembera cili m'dzanja lanu. Kope la m'kalasi ndi lofewa kuposa mwala, koma lilandira dzina lililonse, ndipo silifunsa ngati mwini dzina anali ndi yunifomu.

Amayi aja anabweranso sabata yotsatira. Anali atafunsa alongo awo dzina lenileni la agogo awo ndi mudzi umene anawagwira. Analilemba okha pa bolodi, pang'onopang'ono, cilembo ndi cilembo. Tonse tinaliwerenga mokweza.

Mafunso okambirana

1. Chulani maina anayi a malo amene ali pa cipilala. Ndi liti limene lili ku Niassa?
2. Amtengatenga anali kugwira nchito yanji? Cifukwa ciani mawu a pa cipilala sawachula?
3. Nthano ya mayi wa mphika wa phala itipatsa ciani? Nanga itibisira ciani?
4. Kodi inu mukadagwetsa cipilalaci kapena mukadacisunga? Perekani cifukwa.

Nchito ya kunyumba

Funsani akulu a kwanu dzina la munthu mmodzi wa m'banja mwanu amene anapita pa nkhondo iliyonse mwa zitatuzi osabwerera. Lembani dzina lake, mudzi wake, ndi caka ngati cidziwika. Ngati akulu safuna kulankhula, musawakakamize. Tidzasonkhanitsa maina onse m'kope limodzi, ndipo kopelo lidzasungidwa m'kalasi.